Chiairishi M'nyumba Mwanga

Nsanje ndimaidziwa bwino. Ndinakhala nayo pafupifupi chaka chathunthu, ndikukwera nayo basi ya ku Dudley m'mawa uliwonse, ndipo munthu amene ndinkamuchitira nsanjeyo sanandilakwirepo kanthu. Sinali nsanje ya mwamuna, kapena ya nyumba, kapena ya galimoto. Ndinkamuchitira nsanje chifukwa cha boma la kwawo, ndipo kenako chifukwa cha mwana wanga yemwe.

Anali namwino mnzanga pa wodi ya okalamba, mayi wa ku Ireland, wamkulu kwa ine ndi zaka ngati khumi, wamfupi, wonenepa, woseka mpaka misozi. Iye anabwera ku England ali mtsikana. Ine nditafika kuchokera ku Malawi, m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, ndi iyeyo amene anandigwira padzanja. Anandionetsa kogula jekete lotchipa koma lofunda, anandiphunzitsa mabasi, ndipo tsiku limene gogo wina wodwala anakana kuti ndimusambitse chifukwa cha khungu langa, ndi iyeyo anapita kukamuyankhula. Sindidziwa anamuuza chiyani, koma mawa lake gogoyo anandipatsa bisiketi. "Tonse ndife obwera kuno," ankakonda kutero. Ndikunena zimenezi poyambirira kuti musandione ngati mfiti. Ndinkamukonda mayiyu.

Zinayamba ndi zithunzi. Atabwerako kutchuthi cha Pasaka, anafika nazo mu envulopu m'kachipinda kathu komwera tiyi, n'kuziyala patebulo pakati pa makapu. Kwawo ndi kumudzi kwenikweni, m'mphepete mwa nyanja yamchere, kumadzulo kwa dziko lawo. Miyala yokhayokha, nkhosa, ndi mphepo yoonekera ngakhale pachithunzi. Dothi lake loti ngakhale chinangwa chingakane. Ndinayamba kuziona ndi chifundo, ndikuti mumtima, kani azungu nawonso ali ndi kwawo kosauka. Kenako anatulutsa chithunzi cha holo.

Inali holo ya mudzi, yatsopano, ya mawindo akuluakulu, mkati muli mipando, khitchini ndi chipinda cha makompyuta. Chithunzi china chinali cha doko la mabwato a asodzi, lomangidwa ndi simenti. China chinali cha msewu wa phula wokathera pa nyumba zisanu zokha. Ndinachita kuziwerenga ndi chala nyumbazo.

"Wamanga ndani zonsezi?" ndinafunsa. Tinkayankhulana m'Chingerezi, koma ndikumasulirani.

"Boma."

"Chifukwa chiyani? Kwanuko kunachokera nduna?"

Anaseka mpaka kutsamwa. Atapuma anandifotokozera kuti Chiairishi, chiyankhulo cha makolo awo, chinatsala pang'ono kufa chifukwa Chingerezi chinalowa paliponse. Midzi imene anthu amachiyankhulabe m'nyumba ndi yochepa, ndipo mudzi wawo ndi umodzi mwa imeneyo. Ndiye boma limathira ndalama kumeneko kuti anthu asathawire m'tauni, poti akathawa, chiyankhulo chipita nawo n'kukafera komweko.

Sizinathere pomwepo. Anati mchemwali wake, amene anatsala kumudzi, nthawi ya tchuthi chachikulu amalandira ana a sukulu ochokera m'mizinda kudzagona m'nyumba mwake masabata atatu. Ntchito yake kuwaphikira ndi kuwayankhula Chiairishi basi, ndipo boma limamulipira. Anatinso iye ali mwana kunkabwera bwana wa boma kusukulu kudzacheza ndi ana m'Chiairishi, ndipo akaona kuti mwanayu amayankhuladi chimenechi kunyumba, makolo ake ankalandira kangachepe.

Ndinaika kapu pansi. Kulipidwa chifukwa choyankhula chiyankhulo cha mayi ako! Malemu amayi anga akanabadwira kumeneko bwenzi atamanga nyumba yosanja, poti pakamwa pawo sipankatsekeka.

Kwathu ndi ku Ntcheu, mudzi wa kuseri kwa mapiri, kumene galimoto imafika nthawi yachilimwe yokha. Bambo anga anali wapampando wa komiti yachitukuko. Akuluakulu ena a boma anabwera tsiku lina n'kunena kuti mudzi ukaumba njerwa, iwo abweretsa simenti ndi malata kuti amange midadada iwiri ya sukulu. Anthu anaumba. Amayi kutunga madzi, abambo kuponda dothi, ndipo powotcha anagwetsa mitengo ya mango imene ine ndinakula ndikukwera. Uvuni unapsa bwino. Pamene mnzangayu ankandionetsa zithunzi zake, njerwazo zinali zitavumbwa mvula ya zaka zitatu, pamwamba patamera udzu, mbuzi zikuseweretsa miyendo pamenepo. M'kalata iliyonse bambo ankalemba kuti akuluakulu aja ati tidikire pang'ono.

"Nanga kwanu boma limathandiza bwanji?" anafunsa mnzanga uja, akusonkhanitsa zithunzi.

"Ifenso akutimangira sukulu," ndinatero. "Yaikulu."

Bodzalo linatuluka lokha, osapempha chilolezo. Pofuna kusintha nkhani ndinamuuza kuti ife kusukulu kwathu, ukagwidwa ukuyankhula Chichewa kunja kwa phunziro lake, ankakuveka chikatoni pakhosi, ndipo amene chamugonera pakhosi pofika poweruka ankatchetcha bwalo la mpira. Ndinkayembekeza kuti adabwa, andimvere chisoni. Iye anangogwedeza mutu n'kunena kuti agogo ake ankasimba zofanana nazo, kuti kwawo ankamangirira ana kamtengo pakhosi n'kumalembapo chizindikiro akagwidwa akuyankhula Chiairishi. Ndinapsa mtima. Holo ali nayo, doko ali nalo, ndiye ngakhale mavuto anga anali nawo kale.

Tsopano ndinene za mwana wanga. Ndili ndi mwana mmodzi, wamkazi. Anandipeza kuno ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, limodzi ndi bambo ake, ndipo pa nthawi imene ndikusimbayi anali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Chichewa ankamva pang'ono, makamaka cholalata, koma kuyankha ayi. Ndikati, "Wadya?" iye, "Yes, Mum." Ndikati, "Tseka chitseko," chitseko chinkatsekedwa, koma pakamwa pake sipankatuluka liwu lathu ndi limodzi lomwe. Chingerezi chake chinali cha ku Dudley kwenikweni, chija ngakhale anthu a ku London amachita kutchera khutu. Kutchalitchi kwathu ku Wolverhampton, kumene tinkakumana a Malawi ndi anzathu a ku Zambia, ana onse anali choncho. Amayi tinkadandaula pakamwa pokha. "Awa ndi azungu awa, sakumvani," tinkatero, uku tikumwetulira. Kunena zoona dandaulo limenelo linali kunyada kovala chitenje.

Tchuthi chachikulu cha sukulu kuno ndi masabata asanu ndi limodzi, ndipo kwa ife ogwira ntchito ya mashifiti ndi mutu waukulu. Amuna anga ankagwira ntchito yonyamula katundu ku Coventry, kuchoka m'mamawa kubwera madzulo. Zoti tonse atatu tikwere ndege kupita ku Malawi chaka chimenecho sizikanatheka. Ndinadandaula zimenezi pa tiyi, ndipo mnzanga uja sanachedwe.

"Ndipatse mwanayo. Ndikupita kwa mchemwali wanga masabata atatu ndi chitsiriza changa, ndi amsinkhu umodzi. Akagona pa matiresi, akadya mbatata, akasambira m'madzi ozizira. Akakhala bwino."

Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndinatero mumtima. Tinalongosola mapepala, ndinamuluka tsitsi loti lipirire masabata atatu, ndinamulongedzera majuzi. Za chiyankhulo sindinaganizeko n'komwe. Ndinkangoona kuti ndapeza pomusiya mwana.

Anabwera Loweruka masana, pa galimoto ya mnzanga uja. Tsitsi lija linali litasanduka chisa, nsapato imodzi yong'ambika, koma nkhope ikuwala. Ndinatambasula manja pakhomo. Iye asanandithamangire anatembenuka kaye, n'kuweramira pawindo la galimoto, n'kunena mawu ataliatali amene sindinawamvepo chibadwire, omveka ngati munthu akuchotsa minga ya nsomba kukhosi. Mnzanga uja anamuyankha chimodzimodzi, onse n'kuseka. Ndinaima pamenepo manja ali m'malere, ndikumwetulira ngati mlendo paukwati wa eni.

"Wati chiyani?" ndinamufunsa titalowa.

"I said goodbye and thank you. In Irish!"

Sabata imeneyo nyumba yanga inasanduka Ireland. Akamakwera masitepe ankawerenga m'Chiairishi. Akamasamba ankaimba nyimbo ya Chiairishi, mavesi atatu, osaphonya. Pa chakudya anapempha kuti apemphere ndi iye, ndipo amuna anga ndi ine tinatsinzina n'kuvomera Amen pa zinthu zimene sitinazimve. Anatifotokozera kuti m'nyumba mwa mayi uja, mchemwali wa mnzanga, munali lamulo loti Chingerezi chizitsala pakhomo pamodzi ndi nsapato zamatope, kuti ukafuna batala uyenera kumupempha m'Chiairishi, ukalakwitsa onse amaseka ndipo batala amakupatsabe. Madzulo ankapita ku holo ija, ya pachithunzi ija, kukavina. Mayi uja anamupatsanso dzina la kumeneko, ndipo mwana wanga analilemba pachikuto cha kope lake ndi inki yobiriwira.

"It's their own language, Mum," anandiuza, maso ali gwa pa ine, ngati akundiphunzitsa. "It nearly died. They have to look after it."

"Nanga chako?" ndinafunsa. "Chiyankhulo chako iwe?"

Anakwinya nkhope, osati mwamwano, koma modabwa kwenikweni. "That's different. That's just how you and Dad talk."

Kwa iye Chichewa sichinali chiyankhulo. Chinali phokoso la makolo ake m'khitchini. Ndinalowa kubafa, ndinatsegula mpopi kuti asandimve, ndipo ndinalira. Sikunali kulira kwachisoni ayi, kunali kulira kwa nsanje. Zaka khumi ndi chimodzi ndikumudyetsa, kumuchapira, kumugonera kuchipatala akadwala chifuwa, ndiye mayi wina amene sindinamuonepo, wolipidwa ndi boma, wangomusunga masabata atatu n'kumutsegula pakamwa. Mwana amene sananenepo kwa ine kuti zikomo amayi, lero akuimba mavesi atatu a eni ake.

Kuntchito ndinayamba kumuzemba mnzanga uja. Akati tikamwe tiyi, ine ndili ndi wodwala wofunika kumutembenuza. Akandisungira mpando, ine ndadya kale. Iye sanazindikire msanga, poti anthu amtima wabwino amachedwa kuona zoterezi. Tsiku lina anandipanikiza pa sinki yosambira m'manja, ali ndi kalata yochokera kwa mchemwali wake.

"Akuti mwana wako ali ndi khutu. Akuti mwa ana onse amene anawasungapo, ndi ochepa ogwira msanga chonchi. Akumufunanso chaka chamawa."

"Tiona," ndinatero, ndikupukuta m'manja mouma kale.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Usaganize kuti kwathu zonse zili bwino. Ndalama zamanga holo, inde, koma ana a mchemwali wanga akangotuluka pakhomo ndi Chingerezi chokhachokha. Anzanga a msinkhu wanga onse anachoka. Ine ndemwe ndili kuno, ndipo ana anga akuluakulu sadziwa kanthu. Timangoyesa kutseka chitseko madzi atalowa kale."

Ankanena zoona, ndipo ankanena mwachikondi. Ine sindinafune kumva. Mumtima ndinkati, taonani anthu okhuta, akudandaula kuti nyama yachuluka mafuta.

Ndiye ndinaganiza kuti ngati boma la kwathu silingathe, ine ndikhala boma. Ndinatsuka botolo la jamu, n'kuliika pamwamba pa firiji, n'kulengeza pa chakudya chamadzulo kuti kuyambira lero liwu lililonse la Chichewa lotuluka pakamwa pa mwanayu ndiziponyamo kandalama kachitsulo. Amuna anga anaika foloko pansi.

"Ee, koma ziliko. Ndiye mwakhala a Minister of Chichewa tsopano? Nanga ife amene timayankhula daily, ma arrears athu tikatenge kuti?"

"Inu idyani," ndinawayankha.

Mwanayo si wopusa. Tsiku loyamba anandithokoza kokwana makumi awiri. Ndikamupatsa supuni, zikomo. Ndikamuyang'ana, zikomo. Ndikayetsemula, zikomo. Ndinasintha lamulo kuti liwu likhale latsopano, ndipo chidwi chake chinathera pomwepo. Ndinayamba kumukhazika patebulo ndikaweruka, ndili ndi yunifolomu, miyendo ikuwawa, n'kumamulozera zinthu. Ichi n'chiyani? Mpando. Ichi? Mbale. Akanena mawuwo ndi lilime lake lolemera lija, ine m'malo momuyamikira ndinkamukonza. Timati mbale, osati m'bale. Bwerezanso. Akalakwitsa kachitatu mawu anga ankakwera. "Za eni ake unaloweza mavesi atatu, koma mbale ikukukanika?"

Tsiku lina anagwetsa misozi patebulo pomwepo. "Nobody shouted over there," anatero, n'kuthamangira kuchipinda kwake. Kumeneko kunalibe womukalipira. Mawu amenewo anandilasa, komabe ngakhale pamenepo chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti akundiyerekeza ndi mayi uja, ndipo ine ndikuluza.

Amuna anga ndi amene anandibweza. Ndi munthu wosachulutsa mawu, koma tsiku limenelo anazimitsa wailesi yakanema. "Mayi, mwanayu simukumuphunzitsa, mukupikisana ndi mzungu wanuyo. Kumene kuja amayankhula kuti apatsidwe batala, kuti avine ndi anzake. Kuno ayankhule kuti chiyani? Mupatseni munthu woti ayankhule naye."

Munthuyo analipo. Bambo anga anali atakalamba, maso akuvuta, ndipo mdzukulu wawoyu anamuona komaliza ali wamng'ono. Kuwaimbira foni inali ntchito. Kumudzi kunalibe foni, ndiye ndinkayamba ndaimbira mwini golosale wa pamsika, ulendo wa ola limodzi panjinga kuchokera kwathu, kuti atumize uthenga kuti Lamlungu lakutilakuti bambo adzakhale pamenepo. Nthawi zonse ndinkayankhula nawo ndekha, mwachangu, poti makadi oimbira kunja aja ankatha ngati madzi m'dengu. Mwanayo ankangokuwa chapatali kuti "Hello, Grandad," basi. Ndinatumiza uthenga kuti Lamlungu lachiwiri la Disembala ndidzaimba, ndipo mdzukulu wawo adzayankhula nawo yekha.

Ndinachotsa botolo la jamu lija. Ndinakhala pabedi pake n'kumuuza kuti agogo ake akukalamba, ndipo palibe chimene chingawasangalatse kuposa kumva mawu ake akuwapatsa moni m'chiyankhulo chawo. Sindinakalipe. Anandiyang'ana, n'kufunsa, "How many sentences?" Ndinati zisanu zokha.

Tinazilemba papepala. Muli bwanji agogo? Ine ndili bwino, kaya inu. Kumudzi kuli bwanji? Mvula ikugwa? Ndakusowani agogo. Anamata pepalalo pagalasi la kubafa. Masabata atatu ndinkamumva m'mawa akutsuka mano, akubwereza, mvula, mvula, mvula, poti liwu limenelo linkamukola. Nyimbo ya Chiairishi ija inayamba kumveka mwa apo ndi apo. Sindibisa, ndinkamva kukoma. Ndinkadziona ndikulowa m'kachipinda ka tiyi Lolemba lake, n'kunena mongodutsa kuti mwana wanga dzulo wacheza ndi agogo ake m'Chichewa, popanda boma lililonse kulipira.

Lamlungulo titachoka kutchalitchi sitinachedwe ndi macheza. Ndinagula makadi awiri pasitolo ya pakona, ndinakanda manambala ndi ndalama yachitsulo, ndinayamba kudina. Kawiri inakana. Kachitatu inalowa, mwini golosale anayankha, ndipo ndinamva akuitana, "Agogo, bwerani, ndi ku Ulaya!" Ndinamva phokoso la msika, wailesi, njinga ikuliza belu, kenako mawu a bambo.

Tinapatsana moni monga mwa mwambo, kufunsana za thupi, za achibale, za maliro amene anachitika. Kenako ndinati, "Bambo, mdzukulu wanu ali pano, akufuna akupatseni moni." Ndinadina batani loti tonse tizimva.

Mwana wanga anandinong'oneza, "Do I kneel?" Ndinali nditamuuza kale kuti kwathu mwana wamkazi sapereka moni kwa akulu ali chiimire. Sindinaganize kuti angazitengere mpaka pafoni. Ndinangogwedeza mutu. Anagwada pakapeti, atavala diresi lake la kutchalitchi, n'kugwira foni ndi manja awiri.

"Muli bwanji agogo?"

Zinatuluka bwino, zomveka, zoti munthu wa ku Ntcheu sangafunse kawiri. Amuna anga anandigwira paphewa. Mawu ankachedwa kufika, ndiye tinadikira. Tinamva bambo akukonza kukhosi.

"I am very fine, thank you, madam. How is your school?"

Mwanayo anandiyang'ana. Ndinamukodola kuti apitirize.

"Ine ndili bwino, kaya inu. Kumudzi kuli bwanji? Mvula ikugwa?"

"The rain is coming, little little," anatero bambo, liwu lililonse akulitchula palokha, mosamala, ngati munthu woponda pamiyala powoloka mtsinje. "You must work hard in class. You must obey your teachers."

Bambo anga sukulu analekera Sitandade 4. Chibadwire sindinawamvepo akuyankhula Chingerezi choposa kuwerenga dzina la mankhwala. Mwana wanga anatsegula pakamwa kuti anene chiganizo chake chomaliza, chija chakuti ndakusowani, koma ndinaona mapewa ake akugwa. "Yes, Grandad," anatero. "I will." Anafunsana zina ziwiri zitatu m'Chingerezi, kenako mawu a bambo anatha, ndipo anati, "God bless you. Goodbye." Mwanayo anadzuka, anandipatsa foni osandiyang'ana, n'kukwera masitepe. Amuna anga anamutsatira.

Ndinazimitsa batani lija n'kuika foni kukhutu. Mtima unali utandikwera.

"Bambo, mwana wakupatsani moni m'Chichewa. Wavutikira masabata atatu. Bwanji mukumuyankha Chizungu?"

Anayankha mofatsa, mopanda mkwiyo uliwonse.

"Aa, mayi, paja mudandiletsa."

"Ine? Liti?"

"Chaka chija ndidabwera ku Lilongwe kudzaonetsa maso, ndidagona kwanu. Mwanayu adali ndi zaka zitatu. Ndidamukhazika pamwendo pakhonde, ndikumuphunzitsa mayina a zala. Inu mudafika kuchokera kuntchito, mudati, bambo, musamamuyankhule Chichewa mwanayu, mumusokoneza, kusukulu kwake salola. Ndiye ine ndidamva. Mwana ndi wanu, inu ndi amene mudaphunzira."

Ndinakhala pansi pamasitepe. Ndinalikumbukira tsikulo. Ndinakumbukira ngakhale yunifolomu imene ndinavala, ndi jumbo ya buledi m'manja. Tinali titangomulowetsa kusukulu ya mkaka yolipira, ya ana a mabwana, kumene tinkathera theka la malipiro anga, ndipo ndinkanyadira kuuza anzanga kuchipatala kuti wanga uja Chichewa samva. Ndinawanena bambo anga mongodutsa, ndikuvula nsapato, ndipo pofika madzulo ndinali nditaiwala. Iwo anamutsitsa mwanayo pamwendo n'kusunga mawuwo zaka zisanu ndi zitatu. Miyezi yonseyi ndinkalusira boma la kwathu, boma la eni, ndi mayi wosalakwa wa kutsidya kwa nyanja. Manyazi amene ndinamva pamasitepe paja sindinawamvepo ndi kale lonse.

Bambo anapitiriza. "Uthenga utafika kuti mwana adzayankhula yekha, ndidapita kwa aphunzitsi aakulu kuti andilembere mawu. Adandilembera zilembo zikuluzikulu chifukwa cha masowa. Sabata zitatu zonsezi ndakhala ndikuloweza, ngakhale kumunda. Anzanga amati ndapenga." Anaseka pang'ono, kenako mawu awo anatsika. "Kodi ndalakwitsa penapake? Wamva mwanayo?"

Ndinafuna kunena zambiri. Ndinafuna kunena kuti bambo ndinalakwa ndine, mawu aja ndawabweza, muyankhuleni mdzukulu wanu mmene munkandiyankhulira ine. Koma kwathu mwana sapepesa bambo ake pafoni ya golosale, anthu a pamsika atazungulira kumvetsera. Ndinangokwanitsa mawu ochepa.

"Simunalakwitse, bambo. Wamva zonse."

"Basi, ndiye zili bwino," anatero bambo, ndipo ndinamva kuti mtima wawo wakhala pansi. "Mumuuze asadandaule kuti agogo ake mawu adawathera msanga. Ulendo winawo ndidzaloweza ambiri."